A Mesitiri Damiyano ndi puresau ya dzanja limodzi

Loweruka lapitali chaka chinakwana chiwaikire m'manda amalume anga, a Damiyano Chakhala, amene ku Zobue kuno ngakhale ana ankawatchula kuti a Mesitiri, kutanthauza mmisiri. Tinachita misa, tinakalambula kumanda, kenako tinabwerera kunyumba kukamwa thobwa. Pa anthu amene anabwera panali amuna angapo a m'midzi ya kumapiri, atakoleka mfuti zawo za mpweya kumsana. Atafika pa tchalitchi anazitsamiritsa pamtengo panja ngati makasu, n'kulowa. Palibe anawatuma kuti abwere nazo. Mmodzi nditamufunsa anangoti, "Nanga tikanabwera ndi chiyani, mayi? Zamaluwazo ife sitizidziwa."

Mfuti ya mpweya kuno timaitchula kuti puresau. Sidya wonga. Umapinda mpope wake pakati ngati bondo mpaka mola, sipuling'i ya m'kati, atapanikizika, umaika kachipolopolo kamtovu kamene timati shumbu, umawongola mpope uja, basi yakonzeka. Imapha njiwa ndi nkhwali, imathamangitsa apusi m'chimanga. Nkhondo itatha, ife titabwerera kuchokera ku Malawi kumene tinathawira, tinapeza tchire litalowa m'minda, mbuzi ndi nkhuku kulibe. Ndiwo zinali za kutchire. Oyendetsa makamiyau, malole a pa msewu wa ku Tete, anayamba kubwera ndi mapuresau akale, ena otopa, ena opindika, ndipo aliyense amene waipeza yake ankatsikira nayo kwa amalume.

Luso lawo analitenga ku Moatize, kumene anagwira ntchito ku ofisina yokonzera sitima za pa njanji ali mnyamata. Tsiku lothawa nkhondo, anthu ena akukwirira mbale ndi mbewu, iwo anapaka mafuta zitsulo zawo, anaziika mumtsuko, n'kuukwirira pansi pa mtengo wa mango. Pobwerera, nyumba anaipeza itapsa, koma mtsuko unali pomwepo. Ndikukumbukira akutulutsa zitsulozo chimodzichimodzi, n'kumazipukuta ndi malaya awo, asanaganize n'komwe za pogona.

Munthu akabwera ndi puresau, amalume sankayamba ndi kuyang'ana mfutiyo. Ankayang'ana mwini wake. Ankamuimika, n'kumuyeza ndi kachingwe kuchokera m'kati mwa chigongono kukafika pa chala cholozera, kenako n'kuika kachingweko pa koronya, thabwa la kumbuyo lija limene limagona paphewa. Pafupifupi nthawi zonse thabwalo linkapezeka lalitali. Ankanena kuti mfuti zimenezi anazipangira anthu a mikono italiitali akunja, ndipo ife tikamaphonya timanamizira diso pamene wolakwa ndi mtengo. Ankadula koronyayo ndi sowo, n'kukhomapo chidutswa cha tayala kuti isamatererepo paphewa. Pogwira pa dzanja ankalembapo timizere ndi msomali wotentha kuti thukuta lisamatereretse. Lamba wokolekera ankamupanga kuchokera ku malamba akutha a makamiyau. Pa kachitsulo ka kutsogolo kochalira ankadonthezapo utoto woyera, kadontho kochepa ngati njere ya mawere, kuti kazioneka mumthunzi wa mitengo. Chikopa cha m'kati chimene chimakankha mpweya chikauma, ankadula china pa lilime la nsapato yakale.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wamasiye, a Marita, wamfupi ndithu, ndi puresau ya malemu amuna awo. Anati mbalame zawathera mapira, koma chiyambire sanalasepo ngakhale imodzi. Amalume anathyola tsamba la mango, analiboola pakati, n'kuwauza kuti asuzumire nthochi ya patsidya kudzera pabowopo. Mayiwo anabweretsa tsamba lija ku diso lamanzere osadziwa.

"Mayi, inu mumagwira ndi lamanja koma mumapenya ndi lamanzere," anatero amalume. "Dzanja ndi diso zikukangana. Timvere liti?"

"Timvere diso, a Mesitiri. Dzanja n'kapolo, liphunzira."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anadula koronya zala zinayi, anasema potsamira tsaya mbali inayo, ndipo chaka chimenecho a Marita anakolola mapira.

Panali chinthu chimodzi chimene sankalola. Anyamata ankafuna kuti mfuti zawo zizikhala zamphamvu ndi zaphokoso. Ena ankadontheza mafuta a galimoto kuseri kwa shumbu kuti iphulike ndi utsi ngati mfuti ya nkhondo. Amalume akanunkhiza mpope n'kumva mafuta opsa, ankabweza mfutiyo osaigwira kawiri. Ankati phokoso limenelo tinalimva mokwanira, amene walisowa akafunse amayi ake.

Nkhani yomweyi ndi imene inawakanganitsa kwa zaka zambiri ndi a Sulemani, Msilamu wa sitolo ku Moatize amene ankagulitsa shumbu ndi mamola. A Sulemani ankaitanitsa mamola okhuthala, amalume ankakana kuwaika. Ulendo wina ndinawaperekeza, ndipo ndinamva ndekha.

"A Damiyano, anthu akufuna mphamvu. Ine ndingawakanize bwanji?"

"Mola ameneyu amagwedeza mfuti ngati bulu wolusa, a Sulemani. Munthu achalira njiwa, alasa nthambi. Kenako thabwa ling'ambika, abwera kwa ine akulira."

"Ndiye kuti ntchito yanu ichuluka. Mundithokoze."

"Ntchito yokonza zimene mwaononga inu sindiifuna."

Ananena zimenezi atakhala pa benchi imodzi, akumwa tiyi wa mkaka amene a Sulemani anawathirira okha. Mkanganowo sunathe mpaka a Sulemani anamwalira. Amalume anapita ku maliro, anakhala kumbuyo kwa Asilamu onse atavula nsapato.

Koma amene ankadana kwenikweni ndi ntchito ya mfuti anali akazi awo, a Rozalina. Chifukwa chake chinali Paulo, mwana wawo wachisamba. Chaka chimene tinathawa, asilikali anafika m'mudzi m'mawa, anatenga chimanga ndi mbuzi, n'kusankha anyamata oti asenze katundu. Paulo anali mmodzi wa iwo. Sanabwerere, ndipo panalibe amene anabwera kudzanena kuti wafa. Maliro sitinalire. A Rozalina ankangoti pakhomo pamene mwana anachoka atamuloza mfuti kumsana sipoyenera kusungirapo mfuti, ngakhale ya mbalame. Amalume ankayankha kuti mpeni umene umapha munthu ndi umene umasenda chinangwa si umodzi. Ankasiyira pomwepo, aliyense ndi maganizo ake.

Patapita zaka zitatu kapena zinayi chibwererereni, kunafika munthu wina m'mawa atanyamula puresau yokulunga m'thumba. Dzina lake anali Inasiyo. Anali msilikali wakale amene anakwatira m'mudzi wa kuseri kwa phiri. Nkhondo anaimaliza ndi ziwalo zonse, koma mtendere utabwera, akuswa mphanje, khasu lake linagunda bomba lokwiriridwa pansi, ndipo mkono wamanja unadulidwa m'munsi pang'ono mwa chigongono. Mfutiyo anamupatsa ndi mlamu wake kuti azitetezera munda. Vuto linali lakuti puresau imafuna manja awiri, lina logwira, lina lopinda.

Ine ndinali pakhomopo tsiku limenelo chifukwa kusukulu kumene ndimaphunzitsa kunali tchuthi. A Rozalina ankapeta nandolo. Atamuona mlendoyo anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, n'kuitana.

"Bambo a Paulo, tabwerani kuno."

Amalume analowa, ndipo mawu ankamveka panja.

"Munthu uyo ndikumudziwa. Ndi amene anamasula mbuzi zathu tsiku lija. Nkhope imeneyo sindingaiiwale."

Amalume anatuluka, anakhala pa mpando wawo, n'kumuyang'ana Inasiyo nthawi yaitali.

"Munalipo?" anafunsa.

Inasiyo anayang'ana pansi. "Sindinama, bambo. Ndinalipo. Mbuzi ndinakoka ndine."

"Tengani mfuti yanu muzipita."

Anaikulunga ndi dzanja limodzi, pothandizira ndi mano, ndipo palibe amene anamuthandiza. Anapita.

Patatha milungu itatu amalume anapita kuphiri kukadula nsungwi, ndipo njira inawadutsitsa m'mphepete mwa munda wa Inasiyo. Zimene anaona anandifotokozera okha. Inasiyo anali atapanira koronya pakati pa mawondo, shumbu atailuma m'kamwa, akukoka mpope ndi dzanja lamanzere, kukamwa kwa mfuti kutaloza pansi pa chibwano chake. Mpope unamupulumuka, unabwerera ndi mphamvu yonse ya mola, n'kumumenya pamlomo. Analavula magazi, anapukuta pa phewa, n'kuyambanso. Apusi anali pa chulu akudya chimanga chake, akumuyang'ana. Amalume analowa m'mundamo osapereka moni, anamulanda mfutiyo, n'kunena kuti, "Mubwere Lachinayi. Ndikufuna kuyeza mkono wotsalawo ndi chitsa chomwe."

Atafika nayo kunyumba, a Rozalina anaizindikira.

"Mulungu anamulanda dzanja, inu mukufuna kumubwezera mfuti?"

"Amake Paulo, sindinati ndamukhululukira. Zimenezo n'za inu ndi ine ndi Mulungu. Koma ndaona munthu akufuna kudziswa nsagwada ndi chitsulo chimene ine ndimadziwa kukonza kwake. Ndilambalale?"

"Lambalalani. Iwo anatilambalala tikulira."

"Ali ndi ana anayi amene sanakoke mbuzi ya munthu."

A Rozalina anati, "Osati pakhonde panga."

Amalume sanatsutse. Tsiku lililonse kwa milungu iwiri ankanyamula zitsulo zawo kupita nazo kunja kwa mpanda, pa mthunzi wa m'mbali mwa njira, n'kubwera nazo madzulo. Inasiyo ankabwera tsiku lililonse, n'kukhala pa mwala. Sankacheza. Amalume ankangoti "Imani," "Tambasulani," "Pindani," iye n'kumachita.

Choyamba chinali chopindira. Anakhoma chingwe cha tayala kumapeto kwa koronya ngati goli, kuti mfuti ikaima pansi, phazi lilowe m'menemo n'kuigwira, dzanja lamanzere lizikoka mpope. Tayalalo linkatamuka, mfuti n'kumagwedera. Anachotsa, napinda chitsulo cha felemu ya njinga m'malo mwake, ndipo anachipendeketsa dala kuti munthu akapondapo, kukamwa kwa mfuti kuziloza kutali ndi nkhope. Kumapeto kwa mpope anavekako kachitoliro kotalika ngati chikhato kuti dzanja limodzi lizikoka mosavuta komanso lisamapulumuke. Shumbu anaipezera malo pa kachikopa kobowolabowola kamene anakakhoma pambali pa thabwa, kuti asamaikenso mtovu m'kamwa.

Chovuta kwambiri chinali chonyamulira kutsogolo. Dzanja lamanzere linali loti liziomba, ndiye kutsogolo kwa mfuti kugona pa chiyani? Amalume anasema mtengo wa mlombwa ngati kamtondo kakang'ono, n'kukamanga kunsi kwa mfuti, koti chitsa cha mkono chizilowamo. Koyamba kanali kothina, kanamutupitsa matuza. Inasiyo sananene, amalume anachita kuona okha magazi pa nsalu.

"Bwanji simunanene?"

"Ndimaopa kuti mutopa nane, a Mesitiri."

"Ndikatopa ndikuuzani. Inu ntchito yanu ndi kunena pamene pakupweteka."

Anasema kena kokulirapo, n'kuyalamo chidutswa cha bulangete la kumsasa wa othawa nkhondo. Anadula koronya, anasema potsamira tsaya lamanzere, anapalapala kachitsulo koombera mpaka kanafewa, koma osati kwambiri, poopa kuti kangamaombe kokha.

Tsiku loyesa anapachika chivundikiro cha chitini pa thunthu la nthochi. Inasiyo anaponda, anakoka, anaika shumbu, anawongola, analowetsa chitsa chija m'malo mwake, zonse yekha. Anaphonya katatu. Kachinayi chitini chinalira. Ine ndinaomba m'manja, koma iye sanasekerere. Anaika mfuti pansi, n'kunena motsitsa mawu.

"A Mesitiri, pamene ndinamuona komaliza mwana wanu ndikupakumbukira. Ngati mayi angafune, ndikhoza kukulondolerani."

Amalume anapitiriza kupukuta zitsulo zawo. "Kawauzeni nokha."

Inasiyo anapita pa chipata, anagwada kunja kwake, n'kubwereza mawu omwewo mokweza pang'ono. A Rozalina anali akutsuka mbale atamufulatira. Sanatembenuke. Anangoti, "Lolemba."

Lolemba tinakwera kamiyau tonse anayi mpaka ku Kambulatsitsi, kenako tinayenda pansi mpaka dzuwa litafika pamutu. Inasiyo ankatsogola, a Rozalina pambuyo pake, amalume ndi ine kumbuyo. Kawiri anasokera, n'kubwerera, chifukwa njira zakale zinali zitamera. Potsiriza tinafika pa kamtsinje kena kokhala ndi thanthwe lalikulu m'mbali mwake.

"Ndi pano," anatero. "Tinapuma apa. Iye anasenza thumba la chimanga, mapazi atatupa. Gulu linagawikana pano. Ena anawoloka, ife tinakwera chakumtunda. Iye anali ndi owolokawo. Kuchokera pamenepo sindinamuonenso, ndipo a gulu limenelo sindinakumane nawonso."

"Anali wamoyo?" anafunsa a Rozalina. Aka kanali koyamba kumulankhula maso ndi maso.

"Anali wamoyo, mayi. Anamwa madzi, anaviika mapazi pamenepa."

"Analira?"

"Ayi. Anafunsa ngati angapatsidwe nsanza yomangira kuphazi. Wina anamupatsa."

A Rozalina anavula nsapato, anakhala pa thanthwe lija, n'kuviika mapazi m'madzi. Anakhala choncho nthawi yaitali akuyang'ana tsidya linalo. Amalume anavula chipewa n'kuima pambali pawo. Tinapemphera, tinadya chinangwa chimene tinatenga, ndipo a Rozalina anabenthula chidutswa n'kuchiika pa mwala pafupi ndi Inasiyo, osamupatsira m'manja. Titabwerera kumudzi anaitana abale, ndipo mwezi womwewo tinalira maliro a Paulo, tinameta.

Ndinganame nditanena kuti kuyambira pamenepo anakhala pa ubale. Inasiyo ankabweretsa nkhwali kawirikawiri. A Rozalina ankalandira, ankathokoza mwaulemu, n'kukazipereka kwa anansi. Sanadyepo ngakhale imodzi. Amalume nawonso sanakambenso naye za nkhondo. Mfutiyo ikafuna chikopa chatsopano ankaikonzera kunja kwa mpanda komwe kuja, kufikira chaka china a Rozalina, mvula ikugwa, ananena kuti, "Mudwala nazo zimenezi, lowani pakhonde nonse awiri."

Zaka zomalizira manja a amalume anayamba kunjenjemera, maso anachita khungu. Sowo anaisiya, koma anthu sanaleke kubwera. Ankawauza kuti aombe kamodzi m'mwamba, iwo n'kutchera khutu, kenako n'kunena kuti chikopa chauma, kapena mola wathyoka kumapeto, ndipo ankamulangiza mwini wake pochita, iwo akupapasa ndi zala. Anadwala chifuwa masiku ochepa m'nyengo yozizira, namwalira m'mawa, a Rozalina atawagwira dzanja. Pa maliro Inasiyo anakhala pakati pa amuna, tsitsi litachita imvi, ndipo pokwirira anaponya dothi ndi fosholo yopanira m'khwapa.

Alendo a Loweruka atabalalika, ndinakhala ndekha kwa kanthawi kumapeto kwa khonde kumene amalume ankagwirira ntchito. Zitsulo anagawana adzukulu. Dothi la pamenepo n'lakuda ndi mafuta a zaka zambiri, ndipo a Rozalina akazira khonde, pamalo pamenepo tsiro siligwira. Pa chipupa patsala misomali yopanda kanthu, ndi mzere wothimbirira pamene msana wawo unkatsamira. Nkhuku zikamapalasa pabwalo zimafukula shumbu zophwanyika, zimajompha, n'kuzisiya.

Ndili pomwepo kunafika bambo wina pa njinga, wafumbi mpaka m'mawondo, ndi puresau yomangirira ku felemu. Anati wachokera kutali, kupitirira Kambulatsitsi, ndipo anamva kuti kuno kuli mesitiri amene amafupikitsa mfuti kuti imukwane munthu. A Rozalina anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti mesitiriyo anamwalira. Bamboyo anapepesa. Anapempha kuti apume pang'ono, ndipo anakhala pa chipika chimene ankakhalapo odikira, mfuti yake ataigoneka pa miyendo, akuyang'ana misomali ija. Dzuwa litapendeka anaimangiriranso ku njinga, anatsazika, n'kuyamba kukankha kukwera chitunda. A Rozalina anatenga tsache n'kusesa bwalo lonse, koma pa dothi lakuda paja anapalambalala.